Donki ikutimaliza nkhuni, kodi boila yowotcha utsi ija ingatheke kuno?

Mayi a Loji, Senga Bay: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za zitsulo ndi moto. Pa kaloji kathu madzi osamba alendo timatenthetsa pa donki, mgolo uja wogoneka moto pansi, nde nkhuni zikutha moti sindikumvetsa, ngolo ikabwera sichedwa, komanso utsi ukumalowa mzipinda za kumapeto alendo mpaka kudandaula kuti zovala zikununkha. Giza yamagetsi ilipo koma za magetsi mukudziwa nokha. Mwana wanga wanditumizira kavidiyo ka boila ya nkhuni ya ku Ulaya akuti imawotcha ndi utsi womwe, pa chumuni osaoneka kanthu. Nzoona zimenezi kapena ndi zotsatsa malonda chabe? Nanga kuno zingatheke?

Welda Kamuzu Road: Taswera amayi. Tatumizani kavidiyoko tione, chinthu chikakhala cha chitsulo ife timayesa

Wa ku Linga (Ireland): Amayi nzoona zimenezo. Pa famu yomwe ndimagwirapo kuno ali nayo, ya kampani ya Atmos ya ku Czech Republic, ndipo nyengo yozizira amene ndimaikamo nkhuni ndine. Koma ndineneretu kuti iwo anaigulira kutenthetsa nyumba yonse, madzi otentha amayenda mmapaipi kukafika mu tizitsulo tomwe anakhoma mzipinda, poti kuno Januwale madzi a panja amaundana. Kwathu ku Nkhotakota kapena kwanu ku Salima palibe angafune kutenthetsa chipinda, Okutobala anthu tikugona pakhonde. Koma mbali yotenthetsa madziyo nde ndi yomweyo mukufunayo.

Mayi a Loji, Senga Bay: Tafotokozani bwinobwino achimwene, utsiwo umapita kuti?

Wa ku Linga (Ireland): Mkati mwake muli zipinda ziwiri, china pamwamba china pansi, chilichonse ndi chitseko chake. Chapamwamba ndi chomwe mumalongamo nkhuni, kudzadza ndithu mpaka pamwamba. Mukayatsa moto nkugwira bwino, pansi pa mulu wa nkhunizo pamapangika makala ofiira, nde mumatseka chitseko ndi kachivundikiro kena komwe kamalola utsi kutuluka molunjika ku chumuni poyatsa paja. Apa nkhuni zija mpweya ukuzifika wochepa kwambiri, siziyaka lawilawi ayi, zimangophikika nkumatulutsa utsi wambiri. Pakati pa zipinda ziwirizo pali kabowo kataliko kopangidwa ndi dothi lopirira moto, ndipo kumbuyo kuli fani yomwe imakoka utsi uja kuti utsike, udutse mmakala ofiira aja, ulowe pa kabowoko. Pakabowo pomwepo pali timabowo tina mmbali tolowetsa mpweya watsopano wotenthedwa kale. Utsi ukangokumana ndi mpweya umenewo umayaka, ndipo ukasuzumira pansipo umaona lawi likuwomba chozondoka, kuloza pansi, likulira ngati chitofu cha gasi. Mmenemo kutentha kumapitirira madigiri 1000. Kenako mpweya wotenthawo umadutsa mmapaipi omizidwa mmadzi, kusiya kutentha kwake mmadzimo, pofika ku chumuni watsala ndi madigiri 150 mpaka 200 basi. Ikagwira bwino panja umangoona mpweya ukunjenjemera pamwamba pa chumuni, kapena kanthunzi koyera kukazizira.

Welda Kamuzu Road: Moto woloza pansi? Apa nde mwandisokoneza man, moto umakwera mmwamba chilengedwere

Aphunzitsi a ku Chipoka: Umakwera ukasiyidwa wokha a Welda, koma fani ikamakoka umatsata komwe mpweya ukupita. Ine ndionjezepo pa mawu a achimwenewo kuti timvetse chifukwa chake anavutikira kupanga zipinda ziwiri. Chikuni pachokha sichiyaka lawi. Chikatenthedwa choyamba chimatulutsa madzi, kenako kuyambira madigiri 200 mpaka 300 kupita mtsogolo chimayamba kusweka nkumatulutsa mipweya, carbon monoxide, hydrogen, methane ndi phula louluka. Lawi lomwe timaona pa moto ndi mipweya imeneyo ikuyaka. Ndipo gawo lalikulu la kulemera kwa chikuni chouma, kupitirira theka ndithu, limachoka ngati mipweya imeneyi, makala otsalawo ndi ochepa. Ana mkalasi ndimawaonetsa ndi kandulo, mukaizimitsa kautsi koyera kaja mukakayandikizira machesi oyaka moto umalumpha kubwerera pa chingwe. Ndiye utsi womwe ukununkhitsa zovala za alendowo amayi ndi nkhuni zanu zomwe munagula ndi ndalama, zikuuluka zisanapse.

Mayi a Loji, Senga Bay: Eeh aphunzitsi mwandiwawitsa mtima. Nanga bwanji pa donki pathupa utsiwo sukuyaka poti moto ulipo kale?

Aphunzitsi a ku Chipoka: Kuti uyake umafuna zinthu zitatu nthawi imodzi, kutentha kokwanira, mpweya wosakanikirana nawo bwino, ndi kanthawi koti umalize kupsa. Pa donki lawi likangodzuka limakhudza mgolo wa madzi ozizira, chitsulocho chimalizizilitsa, utsi umazima usanathe nkusanduka mwaye ndi phula. Takapalani pansi pa mgolo wanuwo muone chikhungwa chakuda chomwe chamatirira, chimenecho chimatchinganso kutentha kuti kusalowe mmadzi. Nzeru ya boila inayo yagona poti anasiyanitsa ntchito, moto umalize kaye kuyaka mchipinda chotentha chopanda chouzizilitsa, ukatha nde ukakumane ndi madzi.

Mdala wa Boila, Dwangwa: Aphunzitsi alankhula zoona. Ine ndinakalambira pa maboila a ku fakitale ya shuga, kumene timawotcha zotsala za nzimbe zikafinyidwa kuti tipeze nthunzi yoyendetsa makina. Ndi zazikulu kwambiri kusiyana ndi izi koma khalidwe la moto ndi limodzi. Woyendetsa boila wabwino amayang'ana chumuni, utsi ukada ndiye kuti mpweya wachepa kapena zowotchazo zanyowa, ukaonjeza mpweya mopitirira muyeso nawonso umazizilitsa ng'anjo nkuthawitsa kutentha. Ndipo mdani wamkulu ndi chinyezi, mwana wanga wa ku Ireland tawauza za nkhuni zomwe mumaikamo, anthu asangotengeka ndi lawi la mu vidiyo.

Wa ku Linga (Ireland): Zoona bambo, apo mpomwe pali nkhani. Boila imeneyi imakana nkhuni zaziwisi, amafuna chinyezi chisapitirire 20 peresenti. Abwana kuno amawaza nkhuni nkuziunjika mshedi yotseguka mmbali chaka chathunthu kapena ziwiri asanaziwotche, ndipo ali ndi kamita kokhala ndi tizisonga tiwiri komwe amabaya pa chikuni chongowaza kumene kuti aone. Ukaikamo zonyowa lawi la pansi lija limazima, mkati monse mumadzadza phula lomata, fani imalemera, fungo lake loipa zedi.

Aphunzitsi a ku Chipoka: Manambala ake ndi awa. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo kilogalamu imodzi imapereka ma kWh awiri okha (kWh ndi yuniti ija timagula ya magetsi). Womwewo ukauma kufika pa 20 peresenti umapereka ma kWh anayi pa kilogalamu. Moto umayamba wawononga mphamvu kuwiritsa madzi a mchikunimo, komanso nthunziyo imazizilitsa lawi.

NaPhiri wa Usipa: Nde nkhuni zomwe amagulitsa pa njinga mmawa zija zambiri zimakhala zaziwisitu, ukaika pa moto kumapeto kwake kumatuluka thovu nkumalira tsiii

Mayi a Loji, Senga Bay: Ndi zimenezo timagula ife asisi, zikafika lero lomwelo zilowe pa donki. Malo osungira alipo koma sitinaganizepo zosunga.

Mdala wa Boila, Dwangwa: Yambirani pamenepo amayi musanawononge ndalama pa chitsulo chilichonse. Kuno dzuwa tili nalo, sitifunika zaka ziwiri ngati azungu, chikuni chowaza bwino chikakhala miyezi ingapo ya chilimwe chauma. Koma chiwazidwe, chathunthu ndi khungwa lake chimasunga madzi nthawi yaitali. Muunjike pa mitanda zisakhudze dothi, pamwamba denga, mmbali mphepo izidutsa. Gulani za dzinja mu Ogasiti ndi Seputembala. Zouma mukaziombanitsa ziwiri zimalira mokweza, zimapepuka, kumapeto zimang'aluka. Mukafuna kutsimikiza ikani chimodzi pa sikelo, lembani, muzibwereza sabata ndi sabata mpaka chitasiya kutsika.

Mayi a Loji, Senga Bay: Chabwino bambo ndamva. Koma tiyerekeze ndili nayo boila yeniyeniyo ndi nkhuni zouma, ndingapulumutse zochuluka bwanji? Ife loji ikadzadza timafuna madzi otentha mwina malita 500 pa tsiku

Aphunzitsi a ku Chipoka: Tiwerengere limodzi. Kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna 1.16 Wh. Malita 500 kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 60 ndi pafupifupi 20 kWh. Maboila amenewa amagwira 85 mpaka 90 peresenti ya mphamvu ya nkhuni, ndiye nkhuni zouma makilogalamu 6 zakwana. Donki yanuyo tingoyerekeza kuti ikugwira gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye ndi nkhuni zouma mufunika makilogalamu 20, ndi zaziwisi zija 40. Mukuona kuti kungoumitsa kokha mwapulumutsa kale nkhuni osagula kanthu.

Wa ku Linga (Ireland): Komanso pali china chomwe mu tizividiyo saonetsa, boilayo siyenda yokha. Pambali pake pamaima chithanki chachikulu chokutidwa bwino kuti chisazizire, malita 1000 kapena kuposa. Chifukwa chake nchoti moto woterewu umayaka bwino ukakhala pa mphamvu yonse, ukautsamwitsa kuti uziyaka pang'onopang'ono tsiku lonse umabwerera ku utsi ndi phula. Nde umalonga nkhuni kamodzi, ziyake mwamphamvu maola atatu kapena anayi mpaka zithe, kutentha konse kukasungidwe mthankimo, nyumba izikoka mmenemo mpaka mawa. Ku Germany lamulo limachita kunena kuti boila ya nkhuni yoika ndi manja ikhale ndi malita osachepera 55 pa kW iliyonse, ndiye ya 25 kW thanki yake ndi malita pafupifupi 1400. Palinso kavaluvu kosakaniza komwe kamaonetsetsa kuti madzi obwerera mu boila asatsike pansi pa madigiri 60 kapena 65, akakhala ozizira makoma amkati amachita thukuta, thukutalo likasakanikirana ndi utsi limakhala asidi nkudya chitsulo.

Mayi a Loji, Senga Bay: Mtengo wake?

Wa ku Linga (Ireland): Boila yokha ndi mayuro masauzande angapo amayi, osawerengera thanki, mapampu ndi woika. Ndipo ndi cholemera makilogalamu mazana angapo, muganize za sitima, kuchokera ku doko kudzafika ku Salima, msonkho, forex ili mmene ililimu. Kabowo ka dothi kaja nako kamatha pakapita zaka, kamafuna kusintha, nde muzikaitanitsa kunja. Ine pa malita 500 sindingakulimbikitseni, yaing'ono yomwe ya kuno ndi yaikulu kwambiri pa ntchito yanuyo.

Welda Kamuzu Road: Nde mwafika pa mfundo yanga. Bwanji tipange yathu konkuno? Ndaonera kavidiyoko kawiri, palibe chodabwitsa, mabokosi awiri a pleti ya 6mm, jekete ya madzi kuzungulira, fani ya galimoto ya 12 volts, valuvu ndi geji ndikagula ku Lilongwe. Ndikhoza kuitseka bwinobwino osadontha ngakhale dontho

Mdala wa Boila, Dwangwa: Mwana wanga luso lako sindikukayikira koma mawu oti kuitseka bwinobwinowo andiopsa. Chotengera cha madzi chotsekedwa mbali zonse chili pa moto ndi bomba. Madzi akasanduka nthunzi amafuna malo ochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 1700, ndipo msoko wa welding ukalephera suchenjeza, umangong'ambika, madzi owira ndi zidutswa za chitsulo kumwazikira aliyense ali pafupi. Maboila a ku fakitale amayesedwa ndi presha ya madzi, ali ndi mavaluvu otetezera omwe amayesedwa nawonso, amayenderedwa ndi oyang'anira. Iwe mu shopu yako uyesa ndi chiyani? Ngati mupange chilichonse chikhale chotseguka, paipi yopumira yonenepa yochoka pamwamba penipeni pa thanki kukwera mmwamba, yopanda valuvu kapena mpopi uliwonse panjira, madzi akawira azilavula panja. Amayi, donki yanu ili nayo paipi imeneyo?

Mayi a Loji, Senga Bay: Ilipo bambo koma anyamata anaipinda nkuika kampopi akuti imataya madzi

Mdala wa Boila, Dwangwa: Kachotseni lero lomwe musanayatse moto wa madzulo. Ndikupemphani ndithu.

Mayi a Loji, Senga Bay: Ndatuma kale mnyamata, zikomo kwambiri bambo

Anamwino a pa Boma: Nane ndiikepo langa poti mwatchula carbon monoxide. Mpweya umenewo ulibe fungo ulibe mtundu, munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, akagona osadzukanso. Nyengo ya mwera timalandira anthu omwe analowetsa mbaula ya makala mnyumba nkutseka mawindo. Nde makina omwe ntchito yake nkupanga dala mpweya umenewo mchipinda chapamwambacho, akakhala opanga tokha zitseko zosagwira bwino, asayandikire chipinda chogona anthu chonde. Akhale panja pa shedi yotseguka, chumuni chitalike kupitirira denga.

Wa ku Linga (Ireland): Zoona anamwino. Ngakhale ya fakitaleyi ili ndi malamulo potsegula, umayamba watsegula kachivundikiro ka utsi kaja, kudikira pang'ono fani ikoke, kenako chitseko pang'onopang'ono utaima pambali. Ukatsegula mwadzidzidzi mpweya umalowa mu utsi wodzadzana uja nkuyaka kamodzi kukumenya kumaso. Nchifukwa chake zabwino zambiri fani yake ndi yokoka ili kumbuyo, osati yopemerera kutsogolo, kuti pakakhala kampata mpweya uzilowa mkati mmalo moti utsi uzituluka.

Welda Kamuzu Road: Ndamva akuluakulu, zotseka ndasiya. Koma funso lina, magetsi akathima moto uli pakati zimatha bwanji?

Wa ku Linga (Ireland): Fani ikaima moto umafooka wokha poti mpweya wasiya kulowa, koma makala ndi dothi lija zimakhala zikadali zotentha kwambiri ndipo pampu nayo yaima, nde madzi a mu boila akhoza kuwira. Anaikamo kapaipi kozungulira kolumikiza ku madzi a ku mpopi, ndi valuvu yosafuna magetsi yomwe imatseguka yokha pa madigiri 95 madzi ozizira nkudutsa kuchotsa kutenthako. Koma zimenezo zimadalira kuti ku mpopi kuli madzi a presha nthawi zonse. Kwathu magetsi akathima nthawi zambiri madzi nawo amasiya.

Aphunzitsi a ku Chipoka: Fani ndi pampu sizidya kwambiri, mawatsi makumi angapo chilichonse, batire ndi kasola zikhoza kukwanitsa. Koma kuli bwino kupanga mwanjira yoti pampu isafunike nkomwe, thanki ikhale pamwamba kuposa moto, madzi otentha amakwera okha ozizira nkutsika, mapaipi akhale onenepa okwera mosapindapinda.

Mnyamata wa Sola: Pepani ndilowerere. Ine ndikudabwa kuti tikukambirana zowotcha mitengo mboma lomwe kampani ya JCM inasankha kuikamo sola ya 60 MW chifukwa cha dzuwa. Amayi ikani giza ya sola ya machubu ija, malita 300 ziwiri, nkhani yatha, palibe utsi palibe ngolo

Mayi a Loji, Senga Bay: Ndinaganizapo achimwene, vuto alendo amasamba mmamawa kwambiri ena usiku akachoka kunyanja, ndipo Juni ndi Julayi mwera ukamaomba kumachita mitambo masiku angapo, nthawi yomweyonso ndi yomwe aliyense amafuna madzi otentha. Dzinja nalo mvula ikagwa masiku otsatizana madzi amangokhala ofunda

Mnyamata wa Sola: Nde phatikizani, sola igwire miyezi yambiri, nkhuni zikhale zothandizira masiku a mitambo okha. Thanki imodzi yokutidwa bwino ikhoza kulandira zonse ziwiri

Mdala wa Boila, Dwangwa: Apa mnyamatayu wanena za nzeru. Ndionjezere za madzi, mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, akamatenthedwa amasiya chikhungwa choyera mkati mwa mapaipi mpaka kutseka. Paipi yodutsa pa moto ikatsekeka ndi chikhungwa ndi ngozi inanso. Muziyang'ana ndi kutsuka.

Mwini Chigayo, Lifuwu: Ine ndakhala ndikungowerenga koma nkhaniyi yandikhudza. Kuseri kwa chigayo changa kuli phiri la mankhusu a mpunga, ena amatenga owotchera njerwa ndi oweta nkhuku koma ambiri timangowatentha, amafuka utsi masiku osatha anthu oyandikana nafe kudandaula. Kodi nzeru yowotcha utsiyi singagwire pa mankhusu?

Aphunzitsi a ku Chipoka: Imagwira bwino kwambiri bwana, ndipo kwa ife kuno mwina ndi imene ili ndi phindu kuposa boila ya ku Ulaya. Ku Philippines injiniya wina dzina lake Alexis Belonio anapanga chitofu cha mankhusu a mpunga chotere, mpaka analandira mphotho ya Rolex mu 2008. Ndi chitini chachitali choimirira, mumadzadza mankhusu, kuyatsa pamwamba, kafani kakang'ono kamapemerera kuchokera pansi. Moto umatsika pang'onopang'ono mmankhusumo ukutulutsa gasi, gasiyo amakwera nkukayakira pamwamba pomwe pali timabowo ta mpweya wachiwiri, lawi lake labuluu. Mankhusu amafuna fani chifukwa amathithikana mpweya sudutsa wokha, komanso phulusa lake ndi lambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, nde mu boila ya nkhuni ija angatseke kabowo. Koma zinthu zokulirapo ngati zitsononkho, tizidutswa ta nsungwi, timitengo ta nandolo todula tifupitifupi, zimayaka mu chitini chotere popanda fani. Zitofu zoyatsa pamwamba mpweya ukuchokera pansizi amazitcha TLUD, ndipo amene anayambitsa ndi Thomas Reed wa ku America ndi Paal Wendelbo wa ku Norway, aliyense payekha. Lawi likazima pansi pamatsala makala, mukhoza kuwazimitsa nkuwagwiritsa pa mbaula kapena kuwasakaniza ndi manyowa kumunda.

Welda Kamuzu Road: Imeneyo nde ndingapange mawa lomwe, zitini ziwiri china mkati mwa chinzake, mabowo pansi ndi mzere wina wa mabowo chakumwamba eti? Mpweya wodutsa pakati pa zitinizo uzitenthedwa usanafike pa lawi

Aphunzitsi a ku Chipoka: Mwaigwira. Pamwamba muike chivundikiro chokhala ndi bowo pakati kuti gasi ndi mpweya zikakamizike kusakanikirana, ndi kachumuni kakafupi kuti kazikoka. Chovuta chake nchoti simuonjezera nkhuni moto uli mkati, mumadikira zithe nkudzadzanso. Pophika nsima ena zimawatopetsa koma potenthetsa thanki ya madzi ndi zomwe zikufunika, kulonga kamodzi nkuisiya.

NaPhiri wa Usipa: Nanga ife owamba nsomba zingatithandize? Nkhuni zikutidyera phindu lonse, kuwamba, kufwafwaza usipa, kukazinga, zonse moto

Aphunzitsi a ku Chipoka: Pofwafwaza ndi pokazinga inde mayi, pamenepo mukufuna kutentha basi. Powamba nde mukufuna utsi womwewo ufike pa nsomba, simungauwotche wonse. Alipo mauvuni omwe anapangira ntchito ya nsomba, Chitofu 3-in-1, omanga ndi njerwa, moto umodzi kugwira ntchito zitatuzo, tafunsani alangizi a za nsomba kwanuko.

Mlonda wa Nkhalango: Ndikuthokoza kuti nkhaniyi yafika pa mankhusu ndi zitsononkho. Amene mumadutsa msewu wa Lilongwe mumaona matumba a makala mmbali mwa msewu, ndipo mukudziwa mmene nkhalango ya Thuma inavutikira ndi mauvuni a makala. Uvuni wa dothi uja ndi chimodzimodzi chipinda chapamwamba cha boila yanuyo, nkhuni zikuphikika mopanda mpweya wokwanira, kusiyana kwake nkoti gasi yense amathawira kumwamba sabata yonse popanda wophikira kanthu, mphamvu yoposa theka ya mtengo kutayika tisanafike nkomwe pa mbaula. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 koma anthu aphikabe, nde chilichonse chochepetsa nkhuni nchofunika, kaya ndi Chitetezo mbaula ya dothi ija kaya ndi izi. Amayi ngati malo alipo dzalani keshya kapena gilisidiya mmalire, mukadula zimaphukanso, pa makilogalamu omwe aphunzitsi awerengawo simufunika nkhalango.

Wa ku Linga (Ireland): Ndipo anthu asaone ngati ndi nzeru yachilendo ya dzulo, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse petulo atasowa ku Ulaya magalimoto ambirimbiri ankayendera gasi wa nkhuni, atanyamula chithanki kumbuyo, zambiri mwa izo za pulani ya Georges Imbert. Zinayambira pa kusowa ngati komwe tili nako ifeko.

Mayi a Loji, Senga Bay: Chabwino, ndiye pa donki yomwe ilipoyi tingakonze chiyani osaigwetsa yonse? Ndalama ya sola ndiyamba kusunga koma si ya mwezi uno

Mdala wa Boila, Dwangwa: Moto uchoke pansi penipeni pa mgolo. Mumange kang'anjo kakang'ono pambali ndi njerwa, mkati mopaka dothi losakaniza ndi mankhusu kapena utuchi kuti kazisunga kutentha, simenti wamba ayi amasweka ndi moto. Nkhuni zikhale pa tizitsulo kuti mpweya uzilowa pansi ndi phulusa lizigwa, pakhale chitseko, ndi timabowo tina pamwamba pa lawi ta mpweya wachiwiri. Lawi likhale ndi mtunda woti limalize kuyaka lisanakhudze mgolo. Kenako mpweya wotenthawo uzungulire mgolo mu kampata kopapatiza, zala ziwiri kapena zitatu, usanapite ku chumuni, ndipo musiye potsegula popalira mwaye. Mgolo wonse ndi mapaipi opita ku mabafa mukute, madzi otentha madzulo apezeke mmawa. Sizifika pa 90 peresenti ya azungu ija koma kusiyana mukuona sabata yoyamba.

Welda Kamuzu Road: Chitseko, tizitsulo ta pansi ndi chumuni ndipanga ine. Kapenanso mmalo mwa kang'anjo tiike chitini cha TLUD chachikulu pansi pake tiyese ndi zitsononkho, tione chomwe chikuchita bwino. A ku Lifuwu mundisungireko matumba awiri a mankhusu ouma, ndili ndi kafani ka kompyuta ndi batire ya njinga yamoto ndiyesere ya mankhusuyo payokha

Mwini Chigayo, Lifuwu: Bwerani mudzatenge ngakhale ngolo yonse, aulere

Aphunzitsi a ku Chipoka: Amayi musanasinthe kanthu muyeze kaye, sabata ino nkhuni zolowa pa donki ziziikidwa pa sikelo tsiku lililonse ndi kulemba kuti alendo analipo angati, kuti mukakonza tidzafanizire ndi manambala enieni osati zongoona ndi maso.

Mayi a Loji, Senga Bay: Sikelo ya mpunga ilipo tiyamba mawa mmawa. Kampopi kaja achotsa, paipi aiwongola ndaona ndi maso anga. A Welda mubwere Loweruka chakummawa ndi tepi yanu mudzayeze mgolowu, mukafika pa Senga Bay mundiimbire mnyamata adzakutengeni pa msewu. Bambo a ku Dwangwa ndidzakutumizirani zithunzi tisanayambe kumanga muone ngati kampata kaja tayeza bwino.

Mdala wa Boila, Dwangwa: Tumizani, mujambulenso pomwe paipi yopumira yatulukira ndi kutalika kwa chumuni poyerekeza ndi denga la zipinda za kumapetozo.